Obwera kumene ku Joni, samalani ndi konkire watsopano wa bwana

Mwana wa mlongo wanga wandiimbira kuchokera ku Pretoria akudandaula kuti bwana wamudula malipiro a sabata yonse. Masamba anathimbiriritsa konkire watsopano wa pa driveway (njira yolowera galimoto pakhomo), mwanayo n'kuthirapo asidi wa mu pool (dziwe losambiramo). Simenti inadyeka, pamalopo n'kutsala poyera mbuu.

Abale anga amene mwangotsika basi ku Park Station, ambiri ganyu yanu yoyamba ikhala ya m'galadeni, ndiye mundimvetsere.

Choyamba, asidi ameneyu asafike pa konkire. Ndipo musadzayerekeze kumusakaniza ndi Jik. Mpweya wake ndi poizoni, umawotcha mapapo.

Chachiwiri, konkire amafuna masiku 28 kuti akhwime bwino. Asanakhwime, pamwamba pake n'pofewa. Makina opopera madzi mwamphamvu aja mukawayandikiza amasiya mizere yosafufutika. Burashi ya waya nayo imasiya tizitsulo timene timachita dzimbiri, n'kuwonjezera vuto lina.

Mawangawa amachokera ku madzi a masamba onyowa, mmene tiyi amathimbiriritsira kapu. Sesani, nyowetsani malowo, kenako kwechani ndi madzi ofunda a Sunlight ndi burashi yolimba ya pulasitiki. Akakanika, sungunulani ufa wa Vanish (wochotsera mawanga pa zovala), thirani, dikirani mphindi 15 osalola kuti paume, kwechaninso n'kutsuka ndi payipi. Jik wothira madzi ambiri amathandiza konkire akakhwima, koma yambani mwayesa pakona yobisika, ndipo madziwo asapite ku udzu kapena ku maluwa a dona. Mawanga ambiri amazimiririka okha ndi dzuwa, choncho musapupulume.

Chimene chimandipweteka ine n'china. Dona wina anandichotsa ntchito ponena kuti ndine ndinadetsa konkire wake, pomwe mawangawo ndinawapeza tsiku limene ndinayamba. Ndalama zanga sanandipatse. Anthu oterewa amadziwa kuti ambiri a ife timaopa kupita ku CCMA, bungwe lomva madandaulo a pantchito, chifukwa cha nkhani ya mapepala. Ndiye musanagwire kalikonse, jambulani malowo pafoni. Mankhwala alionse funsani kaye bwana pa WhatsApp kuti yankho lake likhale lolembedwa. Mawu apakamwa amawakana mawa lomwe.

Kwa amene muli ku Pretoria ndi Johannesburg, Okutobala ndi Novembala maluwa a jacaranda amayoyoka pamodzi ndi mvula, ndipo Meyi ndi Juni masamba a oak amagwa ambirimbiri. Miyezi imeneyi sesani m'mawa uliwonse, ndipo mulu wa masamba usagone pa konkire.