Tengani sukulu ya assistantship, March Madness ikakupezani komweko

Achemwali, funso lanu ndaliwerenga kawiri. Mukuti mwapeza malo m'masukulu awiri kuti mukachite master's ya kayendetsedwe ka mabungwe osafuna phindu. Yoyamba ili ndi timu ya basketball yomwe imalowa March Madness, mpikisano waukulu wa matimu a mayunivesite a ku America womwe umayamba mu Malichi, pafupifupi chaka ndi chaka, koma fizi mukalipira nokha. Yachiwiri ikukupatsani assistantship, ntchito ya pasukulupo yomwe imakulipirirani fizi, koma timu yake sidziwika n'komwe. Ndiye mukufunsa ngati n'kupepera kuti mtima ukukokera koyambako.

Si kupepera ayi. Ine mpikisano umenewu ndimaukonda ngati inu nomwe, ndipo maphunziro omwewo ndinawachita ku Indianapolis ndisanabwerere kuno ku Lilongwe. Komabe ndikuti tengani yachiwiriyo.

Choyamba n'chakuti masewero a amuna a March Madness sachitikira pasukulu ya timu yomwe ikusewera. Amawaika m'mabwalo a m'mizinda ina. Masewero otsegulira, a First Four, amakhala ku Dayton, enawo amamwazikana dziko lonse mpaka Final Four, pomwe pamatsala matimu anayi. Ndiye ngakhale mutalembetsa ku Duke kapena ku Kansas, Malichi akafika mudzaonera pa TV ngati wina aliyense, pokhapokha mutagula tikiti ya ndege ndi ya m'bwalo, zomwe munthu wa ngongole ya fizi sangakwanitse. Kwa amayi n'kosiyanako pang'ono, chifukwa matimu 16 apamwamba ndi omwe amalandira masewero a zigawo ziwiri zoyamba pakwawo. Inu a ku South Bend mukudziwa zimenezi, Notre Dame ili pakhomo panu pomwepo, ndipo ndikhulupirira simunaiwale 2018 pomwe Arike Ogunbowale anaponya mpira wotsiriza kawiri motsatizana, kugwetsa UConn kenako Mississippi State.

Tsono za ndalama. Ntchito ya m'mabungwe imakhutiritsa mtima koma malipiro oyambira ndi ochepa, ndipo ngongole ya sukulu sidikira kuti mukwezedwe kaye. Ndinaona anzanga a m'kalasi, anthu okonda ntchitoyi ndi mtima wonse, akuisiya patangotha zaka ziwiri n'kupita kumakampani chifukwa ngongole inawakhala pakhosi. Kuli ndondomeko ya Public Service Loan Forgiveness yomwe imafafaniza ngongole yotsala mukalipira miyezi 120 mukugwira ntchito kubungwe losafuna phindu la mtundu wa 501(c)(3) kapena m'boma, koma imeneyo ndi ya ngongole za boma la America zokha, ndipo wophunzira wochokera kunja, wa viza ya F-1, ngongolezo sapatsidwa. Simunanene za mapepala anu, ndipo musanene pagulu pano, koma dziyang'anireni nokha pomwe muli. Assistantship ubwino wake si fizi yokha. Imakuikani mu ofesi maola ngati 20 pa sabata, pafupi ndi aphunzitsi omwe mawa adzakulemberani kalata yokuvomerezani. Ine proposal yanga yoyamba yopempha thandizo ndinaiphunzirira mu ofesi yotero, ndikukonza zolemba za munthu wina mzere ndi mzere.

Musayeze sukulu ndi timu yake. Lilly Family School of Philanthropy, yomwe inakhazikitsidwa mu 2012 ndipo anthu a ntchito yathu amailemekeza kwambiri, ili pa yunivesite ya ku Indianapolis yomwe timu yake ya amuna inalowa mpikisanowu mu 2003 ikutchedwabe IUPUI, n'kutuluka pamasewero oyamba. Zofunsa ndi zina: kodi amaphunzitsa kuwerenga bajeti ndi Form 990, lipoti la pachaka lomwe mabungwe amapereka ku ofesi ya misonkho ya America? Kodi amakutumizani kukagwira ntchito kubungwe lenileni musanamalize? Omwe anamaliza zaka zitatu zapitazo ali kuti lero? Pemphani kuti akulumikizeni ndi awiri kapena atatu, muwaimbire.

Pali china chomwe ndikufuna mukachitenge, chifukwa kwa ine ndi chomwe chinagwirizanitsa zinthu ziwirizi. NCAA, eni ake mpikisanowu, nalonso ndi bungwe losafuna phindu, ndipo likulu lake lili ku Indianapolis komweko. Ndalama zake zambiri zimachokera pa masabata atatu a mpikisanowu. Mu 2010 linagwirizana ndi makampani a TV a CBS ndi Turner pa madola 10.8 biliyoni a zaka 14, kenako mu 2016 anawonjezera madola 8.8 biliyoni kuti mgwirizano ufike 2032. Gawo la ndalamazo limagawidwa kumagulu a masukulu potengera masewero omwe matimu awo asewera. Osewera eni akewo, omwe anthu amawalipirira kuti awaone, analoledwa kupeza ndalama ndi dzina lawo mu Julaye 2021. Chaka chomwecho wosewera wa Oregon, Sedona Prince, anajambula kanema woonetsa tizitsulo tochepa tolimbitsira thupi tomwe amayi anapatsidwa ku San Antonio pomwe amuna anali ndi chipinda chodzaza. Nkhaniyo inabuka, kunachitika kafukufuku, ndipo mu 2022 mpikisano wa amayi unayamba kutchedwa March Madness n'kukhala ndi matimu 68 ngati wa amuna. Mu 2024 fainolo ya South Carolina ndi Iowa ya Caitlin Clark inaoneredwa ndi anthu ambiri kuposa ya amuna.

Taonani mafunso omwe ali m'menemo. Bungwe likamadalira gwero limodzi la ndalama, limamvera ndani? Mu 2020 mpikisano utalephereka chifukwa cha Covid, ndalama zogawira masukulu zinatsika kwambiri. Kodi zimenezi zikusiyana pati ndi bungwe la kuno kwathu lomwe donor wake mmodzi akachoka ofesi imatsekedwa mwezi womwewo? Nanga anthu omwe bungwe limati likuwatumikira ali ndi mawu pa bodi? Ine pepala langa lina ndinalemba za zimenezi, ndipo mafunso omwewo ndi omwe ndimafunsa lero tikakhala pansi kukonza malipoti opita ku NGORA, nthambi yoyang'anira mabungwe omwe si a boma kuno ku Malawi. Chikondi chanu cha basketball mukachigwiritsa ntchito m'kalasi, simukachisiya pakhomo.

Chenjezo limodzi lokha. Malichi ndi mwezi woipa kwa wophunzira wa master's. Mayeso a pakati pa temu amagwera momwemo, makalata ofunsira internship ya nthawi yotentha amatsekedwanso momwemo. Lachinayi ndi Lachisanu loyamba kumakhala masewero 16 pa tsiku, kuyambira masana mpaka pakati pa usiku. Chaka changa choyamba ndinaphonya tsiku lotsekera internship yomwe ndinkaifunitsitsa, ndipo zinandipweteka kwa nthawi yaitali. Chaka chotsatira ndinamaliza zolemba zonse Selection Sunday, tsiku lolengeza matimu olowa mpikisano, isanafike, masiku awiri aja n'kuwasunga opanda kanthu.

Za timu yaing'onoyo musade nkhawa. Mu 2023 ndinali m'chipinda chodzaza ndi ochemerera Purdue usiku womwe Fairleigh Dickinson, timu ya nambala 16 (yotsiriza m'gulu lomwe Purdue inali nambala 1) komanso ya anyamata afupiafupi, inawagonjetsa 63 kwa 58, Zach Edey wamtali uja ali m'bwalo. Chipinda chonse chinangoti zii. Zoterezi zinali zitachitikapo kamodzi kokha kwa amuna, pomwe UMBC inakwapula Virginia 74 kwa 54 mu 2018. Ndipo Butler, sukulu yaing'ono ya mu Indianapolis momwemo, inafika fainolo mu 2010 ndi 2011. Munthu wa pasukulu yaing'ono ndi amene amamva kukoma kwenikweni kwa mwezi umenewu, chifukwa timu yake ikangolowa, sukulu yonse imaima.

Lembetsani, achemwali, ndipo kalata ya assistantship muiwerenge bwino muone ngati inshulansi ya zachipatala ilimo. Mukakhazikika mudzandiike m'gulu lanu la bracket, lolosera matimu omwe apambane. Kuno fainolo imayamba cha m'ma 3 koloko m'bandakucha, ndipo ndimadzukabe, foni itadzaza moto kuopa kuti magetsi angathime.