Musamusinthe pano achimwene, nthawi yatha kale

Achimwene, pa nkhani yanu ija yofuna kusintha kandideti wa chipani chanu, ine ndikuti musamusinthe pamene kampeni yafika kale pakati, pokhapokha ngati wadwala kwambiri kapena khoti lamuletsa. Zoti sakukoka anthu pa misonkhano si chifukwa chokwanira ayi.

Munthu akapereka mapepala ku bungwe loyendetsa zisankho la MEC dzina ndi chithunzi chake zimapita pa baloti, akasindikiza basi zatha, simungangodzuka m'mawa n'kunena kuti tasintha maganizo. Komanso kampeni yovomerezeka ndi masiku 60 okha, watsopanoyo anthu amudziwa liti?

Ndinazionapo kwathu ku Bangwe pa mpando wa khansala, chipani china chinachotsa munthu amene anawina ma primary n'kuikapo wokondedwa ndi akuluakulu, chonsecho zitenje ndi matisheti a nkhope ya woyambayo zinali zitagawidwa kale, amayi a pamsika ankabwera ku msonkhano wa watsopanoyo atavala nkhope ya wochotsedwa, kunali kuseka. Wochotsedwa uja anakwiya n'kuima payekha, mavoti anagawikana, wachipani china n'kudutsa pakati. Paja mu 2019 aphungu oima paokha analowa 55 ku Nyumba ya Malamulo, ena mwa iwo anali okhumudwa ndi ma primary omwewa.

Ngakhale ku America, Biden anasiyira Kamala Harris mpikisano wa upulezidenti mu July 2024, ndalama za kampeni zinalipo zambiri koma Trump anawinabe.

Ngati mwatsimikizadi, musanalengeze chilichonse pezani loya awerenge malamulo a chipani chanu ndi lamulo la zisankho, mufunsenso ku MEC, chifukwa wochotsedwayo akhoza kukatenga injankishoni kukhoti mukadali pa nsanja.