Mwalowa m'bodi ya sukulu, ndiye Facebook ndi WhatsApp muziyambe bwanji?

Amayi, ndakondwa kumva kuti makolo anzanu akusankhani kukhala m'bodi ya sukulu. Mwafunsa ngati n'koyenera kutsegula tsamba pa Facebook kapena gulu la WhatsApp loti muzimvana ndi makolo, komanso kuti muyambire pati. Ine ndikuti tsegulani ndithu. Koma dziwani kuti kuyambira tsiku limene munasankhidwa, zimene mulemba anthu saziwerenganso ngati maganizo a inu nokha. Mukangolemba kuti "zimbudzi za atsikana zikufunika kukonzedwa", kholo lina limva ngati bodi yagwirizana kale, ndipo m'mawa mwake likhala lili mu ofesi ya ahedi kufunsa tsiku loyambira ntchito. Ahedi sakudziwapo kanthu, apampando sakudziwapo kanthu, inu ndiye mwasanduka woyambitsa mpungwepungwe musanakhale n'komwe pa msonkhano wanu wachiwiri.

Choncho foni iyambe yadikira. Kaonaneni ndi apampando ndi ahedi, muwafunse ngati sukuluyo ili ndi lamulo la zolemba pa masamba a mchezo, ndiponso ndani ali ndi udindo wolankhula m'malo mwa bodi. Ngati lamulolo palibe, pemphani kuti nkhaniyi ilowe pa ajenda, ndipo chimene mugwirizane chilembedwe m'maminitsi. Masabata oyambawa muzingowerenga zimene makolo akudandaula ndi mmene akulankhulira. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Mukayamba, musasakanize za kunyumba ndi za udindo. Akaunti yanu ya masiku onse, ya zithunzi za ana anu ndi abale, muitseke kuti azionako anzanu okha, ndipo za sukulu muzitsegulire Page yakeyake. Pamwamba pake lembani momveka kuti ndinu membala mmodzi chabe, zigamulo zimachokera ku bodi yonse. Nkhaniyi si yaing'ono. Ku Poway, m'chigawo cha California, mamembala awiri a bodi ya masukulu anabuloka makolo omwe ankalemba madandaulo mobwerezabwereza pa masamba awo, makolowo n'kukasuma. Mlanduwo unafika mpaka ku Khoti Lalikulu la United States, limene mu March 2024 linanena kuti choyenera kuonedwa n'chakuti kodi munthuyo ali ndi mphamvu yolankhulira boma, ndipo kodi polembapo ankagwiritsa ntchito mphamvuyo. Malamulo amasiyana dziko ndi dziko, komabe musathamangire kubuloka kholo chifukwa chakuti lakukwiyitsani. Lembani malamulo a tsambalo poyera, monga kuletsa kutukwana ndi kutchula maina a ana, ndipo chimene mukufuta chizikhala chophwanya malamulowo basi.

Gulu la WhatsApp limatha kukhala ndi anthu 1,024, ndipo aliyense amaona nambala ya mnzake. Musalowetse munthu musanamufunse. Ngati cholinga ndi kulengeza masiku a misonkhano ndi otsegulira sukulu, likonzeni kuti ma admin okha ndiwo azitumiza uthenga, kapena gwiritsani ntchito Channel, imene WhatsApp inabweretsa mu 2023, poti kumeneko otsatira saonerana manambala. Nanunso mamembala a bodi musamamalizire nkhani pa gulu lanu usiku. Amene analibe data tsikulo watsala kunja, mlembi sanalembe kanthu, ndipo chigamulo chotere sichichedwa kukanidwa.

Chimene chimandikhudza kwambiri ndi ana. Tsiku lopereka mphoto aliyense amafuna kujambula, ndipo chithunzi cha mtsikana atanyamula satifiketi, yunifomu ikuoneka, dzina lake lonse lili pansi, chimakoma m'maso. Koma chithunzi chomwecho chauza munthu aliyense wosadziwika dzina la mwanayo, nkhope yake ndi kumene amapezeka m'mawa uliwonse. Pali ana ena amene amayi awo anathawa nawo nkhanza, ndipo safuna kuti adziwike kumene ali. Inu simungawadziwe onse. Pangano la United Nations la ufulu wa ana la 1989, pa ndime 16, limateteza chinsinsi cha mwana, choncho musaike chithunzi popanda chilolezo cholembedwa cha kholo lake. Zotsatira za mayeso za mwana, matenda ake, chilango chimene walandira, kapena mndandanda wa amene sanamalize kulipira, izi zisaoneke pa tsamba ngakhale pang'ono. Wophunzira akakupemphani ubwenzi pa Facebook musavomere, ngakhale atapitirira zaka 13 zimene Facebook imalola, ndipo musamacheze naye ku inbox.

Lidzafika tsiku limene kholo lidzalembe mokalipa, n'kutchula mphunzitsi ndi dzina. Mtima udzafuna kuyankha pompo. Musaikire kumbuyo mphunzitsiyo, musamuweruzenso pagulu. Lembani mwachidule kuti mwamva, nkhaniyi ndi yofunika, ndipo muuzeni munthuyo njira yokaperekera dandaulo lake kwa ahedi kapena kwa apampando. Kenako tsatirani kuti lafikadi, chifukwa kholo limene layankhidwa bwino koma osathandizidwa limabweranso litakwiya koposa. Zimene mwalemba mutapsa mtima, ngakhale muzifute pakangopita mphindi imodzi, wina amakhala atatenga kale screenshot.

Lero lomwe tsegulani two-step verification, chitetezo chofunsa nambala yachinsinsi yowonjezera munthu asanalowe mu akaunti, pa WhatsApp ndi pa Facebook, ndipo nambala yachinsinsi yobwera pa SMS musauze munthu. Akuba amakonda maakaunti a anthu odalirika, kuti azipempha makolo ndalama m'dzina lanu. Pa tsambalo ikaninso admin wachiwiri wosankhidwa ndi bodi, kuti nthawi yanu ikadzatha lisadzatsekeke limodzi ndi foni yanu.