Kukatenga galimoto ku Dar: mukagona kuti?

Mayi wina wa ku Mzuzu wandilembera pa imelo. Akupita ku Dar es Salaam koyamba kukatenga galimoto yomwe anaitanitsa ku Japan, ndipo akufunanso kukaoda zitenje ndi nsapato ku Kariakoo. Alamu ake akuti hotela ya pakati pa tauni n'kutaya ndalama, akangogona kaloji kotchipa pafupi ndi depoti ya mabasi. Ndiye akufunsa kuti amvere ndani.

Mayi, alamu anuwo sindinawaonepo koma ndikuwadziwa. Banja lililonse lili naye munthu wotere. Ndalama ya mafuta salankhulapo, ya ejenti wotulutsa galimoto padoko amapereka akumwetulira, ya msonkho pa Songwe amangopukusa mutu n'kulipira, koma mukangotchula ya pogona nkhope yakwinya kale. Funso lanuli landigwira pamtima chifukwa nanenso ndinakulira m'nyumba momwe tulo sankatiwerengera m'gulu la zinthu zogula. Bambo anga ankati mlendo amagona pomwe dzuwa lamulowera, ndipo akapita ku Limbe kukaoda katundu ankagona pa benchi ya pa depoti, chikwama atatsamira. Ankabwerako maso ali psu, mawu atasasa, koma akunyadira kuti sanawononge ngakhale tambala. Ife ana tinkaona ngati ndiye uchamuna umenewo.

Musanamvere munthu aliyense, mumve kaye mmene mzindawo unakhalira, chifukwa amene amati "pafupi ndi depoti" ambiri akukumbukirabe depoti yakale ya ku Ubungo. Kuyambira 2021 mabasi a maulendo ataliatali anasamukira ku depoti yatsopano ya Magufuli ku Mbezi, kunja kwenikweni, mtunda wa makilomita pafupifupi 20 kuchoka pakati pa tauni. Doko lili mbali ina, cha ku Kurasini. Maofesi a maejenti ambiri, mabanki ndi malo osinthira ndalama ali m'tauni, cha ku Posta ndi mumsewu wa Samora. Kariakoo ali pomwepo, woti kuchokera ku Kisutu kapena ku Mnazi Mmoja mumangoyenda wapansi. Ndiye wogona ku Mbezi ali ndi ulendo wa Morogoro Road m'mawa uliwonse ndi madzulo alionse. Zoona, kuli mabasi othamanga aja amati mwendokasi, omwe anayamba mu 2016 ndipo ali ndi njira yawoyawo pakati pa msewu, koma nthawi yopita ndi yoweruka kuntchito amadzaza moti munthu wonyamula pasipoti, mapepala a galimoto ndi ndalama zoodera katundu mtima sungakhale m'malo. Mvula ikagwa yambiri, makamaka kuyambira Malichi mpaka Meyi, mtsinje wa Msimbazi umasefukira pa Jangwani ndipo njira yolowera m'tauni imatha kutsekeka.

Ine ndinapitako kukatengera mchemwali wanga galimoto, nyengo yotentha ija ya kumayambiriro kwa chaka. Kutentha kwa ku Dar musakuyerekeze ndi kwa ku Karonga kapena ku Nsanje. Kumakhala chinyontho, thukuta siliuma, malaya amamatirira kumsana usanafike n'komwe pa geti. Ndinapeza chipinda m'hotela ina yakale cha ku Kisutu, dzina lake ndilisunga. Sinali yokongola. Chikepe chake chinkalowa anthu awiri ndi chikwama chimodzi, ndipo chikafika pamwamba chinkayamba chaima kaye, kuganiza, kenako n'kutsegula. Zenera la chipinda changa linkayang'ana khoma la nyumba inzake. Makina oziziritsa m'chipinda ankalira usiku wonse, koma ankaziziritsadi. Madzi ankatuluka m'shawa, loko wa chitseko anali wolimba, ndipo pa desiki yolandirira alendo pankakhala munthu wamaso usiku wonse. Mbandakucha kunkamveka kuitana kwa ku mzikiti, kuchokera mbali zingapo nthawi imodzi. Usiku woyamba kunandidzidzimutsa, kenako kunasanduka wotchi yanga.

Sitima yapamadzi yobweretsa galimotoyo inachedwa kufika, ndipo itafika ejenti wanga anayamba nyimbo yake ya mawa, mawa. Apa ndi pomwe ndinaidziwa ntchito ya hotela ya m'tauni. Munthu wodikira galimoto sadziwa nthawi yomwe aitanidwe. Foni imalira cha m'ma 10 koloko kuti bwerani ndi pasipoti musaine pepala, mubwere pompano chifukwa mnyamata akunyamuka kupita kudoko. Ine ndinkangovala nsapato, kutsika masitepe, posakhalitsa ndafika. Panali mnyamata wina wa ku Kasungu amene tinkagwiritsa ntchito ejenti mmodzi, iye ankagona kutali kwa mnzake wa mnzake. Ankafika thukuta lili kamukamu, pepala litapita kale, n'kuuzidwa kuti abwerenso mawa. Ndalama yomwe ankati akupulumutsa inkathera m'mabajaji, tinjinga ta matayala atatu tija, ndi m'njinga zamoto pothamangira nthawi, ndipo tsiku lililonse lowonjezera linali la chakudya, la mayunitsi, komanso la mantha akuti galimoto ikakhalitsa padoko iyamba kulipitsidwa ya malo.

Chipinda chodyera cha hotelayo m'mawa chinali ngati msonkhano wa mayiko odalira doko limeneli. Anthu a ku Zambia, a ku Congo, a ku Burundi, a ku Rwanda, aliyense ndi tiyi wa tsabola ndi jinja, chapati m'mbale, maso pa foni kudikira uthenga wa ejenti. Bambo wina wa ku Chipata anandimva ndikulankhula pa foni ndi mchemwali wanga, anangokoka mpando n'kukhala pa tebulo langa, moni wa kwathu. Iye ndi amene anandiuza kuti ndisasinthe ndalama kwa anyamata oimirira m'makona, anandionetsa kodyera pilawu wabwino masana, ndiponso anandichenjeza za matakisi oima okha n'kukuitana. Nkhani imeneyi si nthano ayi, ndi yodziwika mumzindamo: mlendo akwera galimoto yooneka ngati takisi, m'njira mulowa anthu ena, amutengera pa makina a banki kuti atape ndalama zonse. Uphungu woterewu sumaupeza uli wekhawekha kumapeto kwa mzinda. Umaupeza pomwe pasonkhana anthu a vuto lofanana ndi lako.

Madzulo dzuwa likafewa ndinkayenda. Kutsika msewu wa Samora mpaka pa chipilala cha Askari, chomwe chinaimikidwa mu 1927 pokumbukira asilikali achikuda a nkhondo yoyamba ya dziko lonse, kenako kukhotera kunyanja, kudutsa tchalitchi cha St Joseph ndi cha Azania Front cha denga lofiira, zonse zomangidwa nthawi ya Ajeremani, mpaka ku Kivukoni komwe kuli msika wa nsomba ndi chombo chowolotsa anthu kupita ku Kigamboni. Pamenepo khomo la doko ndi lopapatiza, ndiye sitima ikamalowa imadutsa pafupi moti umachita kukweza mutu. Ndinaona ina yonyamula magalimoto ikulowa, chikhoma chachitsulo chopanda mazenera, ndipo Ilala yathu ikanaima pambali pake ikanaoneka ngati bwato la msodzi wa ku Nkhata Bay. Munthu wobadwira kumtunda ngati ine, woona katundu atafika kale pa lole, ndinaima pamenepo kukamwa kuli yasa.

Ndipatukeko pang'ono. Ife Amalawi sitinayambe dzulo kudalira doko limeneli. Kale katundu wathu wambiri ankadzera ku Beira ndi ku Nacala pa njanji. Nkhondo ya ku Mozambique itatseka njira zimenezo m'zaka za m'ma 1980, dziko linatembenukira kumpoto, ndipo ndi mmene kunabadwira Malawi Cargo Centre, malo ofikira katundu wa dziko lathu, ku Dar es Salaam ndi ku Mbeya. Chondidabwitsa n'chakuti patha zaka zonsezi, anthu athu ambirimbiri akuyenda njira imeneyi mwezi ndi mwezi, koma nzeru za ulendowu timapatsirana mobisa ngati mankhwala, ndipo zambiri ndi za mmene ungazunzikire motchipa. Palibe amene amakuuza mmene ungafikire kwanu uli wamoyo ndi wamphamvu.

Apa ndiye ndiuma mtima, mundikhululukire pamodzi ndi alamu anuwo. Kuumira pa ndalama ya tulo pa ulendo wokatenga galimoto ndi uchitsiru. Galimoto ikatuluka ndi nambala zake za IT, zosonyeza kuti ikungodutsa m'dzikomo, kutsogolo kwanu kuli makilomita oposa 900 kuti mufike pa Kasumulu n'kuwoloka Songwe. Chalinze, Morogoro, kenako msewu wodutsa m'nkhalango ya Mikumi momwe nyama zimawoloka mmene zafunira, kenako mapiri a Kitonga okhotakhota, malole akutsika akununkha mabuleki, Iringa, Makambako, Uyole, Tukuyu ndi nkhungu yake. M'midzi yambiri liwiro ndi 50, apolisi ali ndi makamera awo m'mbali mwa msewu. Ulendo umenewu umafuna munthu wogona mokwanira, kaya mukuyendetsa nokha kaya mwalemba dalaivala, chifukwa dalaivalayo amafunanso wina wamaso pambali pake. Munthu amene wakhala mausiku angapo akumenyana ndi udzudzu m'kachipinda kotentha, chikwama atachimangirira kumwendo, ndiye akagwire chiwongolero pa Kitonga? Galimoto ya mamiliyoni ambirimbiri, moyo wa mayi wa ana, zonsezo kuziika pachiswe chifukwa cha kusiyana kwa mtengo wa zipinda ziwiri. Bambo anga ndimawalemekeza, koma iwo ankabwerera pa basi, woyendetsa anali wina.

Komanso musandimve molakwa n'kuthamangira mbali inayo. Alipo anzathu ena amene akangomva kuti Dar, maganizo ali pa mchenga ndi mitengo ya kokonati. Amakagona ku Masaki, ku Oyster Bay kapena kutsidya ku Kigamboni kuti zithunzi za pa WhatsApp zioneke bwino, kenako m'mawa ali pa mzere wa magalimoto chimodzimodzi ndi wa ku Mbezi uja, kungoti iwo alipira kwambiri. Nyanja mudzaiona ulendo wina ndi ana. Uno ndi wa ntchito.

Ndipo pakati pa tauni pali zake zowawa, sindikubisirani. Phokoso silitha: majenereta, mahutala, anyamata okankha ngolo. Cha ku Posta kukada, makamaka Lamlungu, misewu imakhala zii, ndipo kuyenda wekha ndi chikwama cha paphewa m'mphepete mwa msewu n'kuitana akuba a pa galimoto ndi pa njinga yamoto amene amatsomphola akuthamanga. Mkati mwa Kariakoo mwenimweni, cha mumsewu wa Congo kapena wa Msimbazi, mahotela ndi ambiri ndipo ndi otsikirapo mtengo, katundu wanu mumangokweza m'chipinda, koma nyumba zake ndi zothinana, pansi mashopu, pamwamba zipinda. Mu Novembala 2024 nyumba ina yosanja inagwa komweko n'kupha anthu, ndipo msika waukulu unapsa mu 2021. Sindikuti muthawe Kariakoo. Ndikuti mukalowa m'nyumba yotere muyambe mwaona komwe kuli masitepe, ndipo ngati atsekedwa ndi mabelo a katundu, tulukani mukafune pena.

Tsono mukasankhe bwanji

Funsani ejenti wanu komwe kuli ofesi yake, ndipo mupeze hotela yoti mukhoza kufikako wapansi, kwinaku Kariakoo ali pafupi. Cha ku Kisutu ndi ku Mnazi Mmoja ndi pakatikati pabwino. Musalipire musanaone chipinda. Tsegulani mpopi, yatsani choziziritsa, yesani loko, yang'anani neti kapena sefa ya pa zenera, funsani ngati jenereta imafika m'zipinda magetsi akazima. Pemphani chipinda cha kumbuyo, chotalikira msewu. Lipirani tsiku ndi tsiku ndipo muzitenga risiti, chifukwa tsiku lotuluka galimoto simukulidziwa, ndipo ndalama yolipiriratu kubweza kwake n'kovuta. Mukhale ndi mashilingi, popeza kuyambira 2025 boma la Tanzania linaletsa kulipiritsa zinthu za m'dzikomo m'ndalama zakunja. Takisi akuitanireni a pa desiki, kapena muitanitse pa foni ngati Bolt.

Ngati basi yakufikitsani ku Mbezi pakati pa usiku, apo pokha alamu anu akunena zoona: gonani pafupi usiku umenewo, mulowe m'tauni kukacha. Zooda ku Kariakoo muchite masiku odikira galimoto, koma mufunse ejenti ngati katunduyo angakwere m'galimoto ya IT kapena atumizidwe payekha, musadzakangane ndi a msonkho pa chipata. Majumbo apulasitiki musiye ku Mzuzu, analetsedwa kumeneko mu 2019. Ndipo mukangowoloka Songwe musunthe wotchi yanu, Tanzania ili patsogolo ndi ola limodzi. Ejenti akati 9 koloko, kwanu ikhala ili 8.