Mlandu suola, nanga wolipidwa kale?

Adzukulu anga awiri, makalata anu ndawalandira. Ndati makalata mwa chizolowezi chabe. Ndi mauthenga a pa WhatsApp amene mwana wa mwana wanga amandiwerengera madzulo tikuotha mbaula, poti maso anga ndi tizilembo ta pafoni tidadana kalekale. Inu awiri simukudziwana, koma mwagwira nyama imodzi, wina kumutu wina kumchira, ndiye ndikuyankhani pamodzi.

Woyamba ndi mtsikana wa ku Chibavi, muno mu Mzuzu. Akuti pamsonkhano wina wa achinyamata mlaliki adawauza kuti tsiku lomaliza moyo wa munthu aliyense udzaonetsedwa ngati kanema, dziko lonse likuonerera, mayi ako ali pampando wakutsogolo. Iye ali ndi chimene adachita akadali ku sekondale. Adalapa, adasiya, koma kuchokera tsiku la msonkhanolo sakuona tulo. Akufunsa kuti, "Agogo, kodi Mulungu adzatulutsanso zimene ndidalapa kale?"

Wachiwiri ndi mnyamata wa kabaza wa ku Zolozolo. Chaka chatha adabwereka ndalama kwa mnzake zokonzetsera njinga yamoto, ndipo masiku ano akamuona mnzakeyo pasiteji amakhota msanga ngati waona apolisi apamsewu. Akuti adapemphera, Mulungu adamukhululukira, ndiye akufuna ine ndimutsimikizire kuti nkhaniyo siidzamvekanso kumwamba. Iwe mnyamata, ndakuona. Takhala kaye pansi apo, ndiyambe ndi mlongo wakoyu amene akulira.

Mdzukulu wanga, ine ndidakulira kumudzi ku Dedza, ndisanabwere kuno kumpoto ndi makina anga osokera. Kwathu akuluakulu ankati mlandu suola. Mbuzi zako zikadya chimanga cha eni, ngakhale uthawire ku Joni zaka khumi, pobwera upeza nkhani ikukudikira pabwalo. Mawuwo ndi oona, ndipo ndi amene akukuvuta iwe usiku. Koma pali lamulo lina la pabwalo limene achinyamata simulimva kawirikawiri. Mlandu ukakambidwa, amalume ako n'kutulutsa mbuzi ya chindapusa, wodandaula n'kuilandira pamaso pa amfumu ndi nduna zawo, nkhaniyo yatha. Wina akadzayidzutsanso chaka chamawa, wolakwa amasanduka iyeyo, chifukwa wanyoza bwalo. Mbuzi idadyedwa, chikopa chidakhala ng'oma, ndiye ukufuna ulipiritse kachiwiri?

Chikhristu chimaphunzitsa kuti mlandu wa wokhulupirira udakambidwa kale, ndipo woulipira adapezeka. Pa Aroma 8:1 Paulo akunena kuti iwo amene ali mwa Khristu Yesu alibe mlandu wowatsutsa tsopano. Ugwire mawu akuti tsopano. Sakunena za mawa. Pa Yohane 5:24 Ambuye eni ake akuti womva mawu awo n'kukhulupirira amene adawatuma sazengedwa mlandu, wachoka kale ku imfa n'kulowa m'moyo. Salimo 103:12 likuti zolakwa zathu adazichotsa n'kuziika kutali monga kutalikirana kwa kum'mawa ndi kumadzulo. Mneneri Mika, pa 7:19, ndiye amandisangalatsa kwambiri: akuti machimo adzaponyedwa pansi pa nyanja. Udatsikako ku Nkhata Bay? Nyanja yathuyi chakumpoto kuno ili ndi malo akuya mamita pafupifupi 700. Msodzi akagwetsa mpeni pamalo otero sauza mnzake kuti tabwezera bwato ndikautole. Ndiye pa Yeremiya 31:34 Mulungu akulonjeza kuti tchimo lawo sadzalikumbukiranso, ndipo wolemba kalata ya kwa Ahebri akubwereza lonjezo lomweli kawiri, m'mutu 8 ndi m'mutu 10. Sikuti Mulungu amaiwala ngati mmene ine ndimaiwalira pomwe ndaika magalasi. Kusakumbukira kwake ndi kwa woweruza amene watseka nkhani, sadzaitenganso kuti akumenye nayo.

Koma ndikakusiyira pomwepa ndiye kuti ndakupatsa nsima yopanda ndiwo, ndipo tsiku lina udzatsegula Baibulo wekha n'kunena kuti agogo aja adandinamiza. Mlaliki wako uja sadangozitola m'mutu zonse. Pa 2 Akorinto 5:10 Paulo yemweyo akuti tonse tiyenera kudzaonekera pampando woweruzira wa Khristu, aliyense alandire molingana ndi zimene adachita ali m'thupi, zabwino kapena zoipa. Akuti tonse, ndipo akulembera mpingo, osati akunja. Pa Mateyu 12:36 akuti anthu adzayankha pa mawu alionse opanda pake. Pa Luka 12:2-3 akuti palibe chobisika chimene sichidzaululika, zonong'onezana kuchipinda zidzalengezedwa padenga. Ndipo pa Chivumbulutso 20:12 Yohane adaona mabuku akutsegulidwa, akufa akuweruzidwa monga mwa ntchito zawo. Taonetsetsa vesi limeneli: pali mabuku, ndiye pali buku lina lapadera, buku la moyo. Vesi 15 likunena kuti wotayidwa ndi amene dzina lake silidapezeke m'buku linali.

Apa aphunzitsi a mawu a Mulungu adagawikana kuyambira kale, ndipo onse ndi anthu opemphera. Ena amati machimo a wokhulupirira sadzatchulidwa n'komwe tsikulo, popeza adafafanizidwa. Ena amati adzaonekera ndithu, koma ngati ngongole m'buku la okala imene mwini wake adadulapo mzere n'kulemba kuti yalipidwa, kuti onse aone kukula kwa chifundo cha wolipirayo. Onsewa amagwirizana pa chinthu chimodzi: tchimo lolapidwa silidzatulutsidwa kuti likutsutse. Katekisimu ya Heidelberg ya mu 1563, pafunso 52, imati woweruza amene tikumuyembekeza ndi yemwe uja adadzipereka kale kuchiweruzo cha Mulungu m'malo mwathu. Katekisimu yaifupi ya Westminster ya mu 1647, pafunso 38, imati tsikulo okhulupirira adzavomerezedwa poyera ndi kumasulidwa poyera. Poyera pamene iwe ukupaopapo ndi pomwe padzalengezedwe kumasulidwa kwako.

Ukandifunsa kuti agogo inu mwaima pati, ine ndimayang'ana Petro. Kukana kwake kudalembedwa m'Mauthenga onse anayi. Chaka ndi chaka, sabata ya Pasaka isanafike, timawerenga mokweza kuti munthuyu adakana Mbuye wake katatu akuotha moto ngati mmene ndikuotheramu, woyamba kumuopsa ali mtsikana wantchito. Kanema woposa ameneyu ungamupeze kuti? Komatu palibe amene amatuluka m'tchalitchi akuseka Petro. Timatuluka tikudabwa ndi Yesu, amene pa Yohane 21 adamuphikira nsomba m'mbali mwa nyanja, n'kumufunsa katatu ngati amamukonda, n'kumupatsanso nkhosa kuti awete. Sadamufunse kuti unaterenji usiku uja. Ngati chako chidzadziwike, chidzadziwika motero. Ndipo mayi ako amene ukuwaona pampando wakutsogolowo adzakhala ataima pamzere womwewo, akuyang'ana Mpulumutsi yemweyo, ali ndi zawo zimene sadakuuzepo. Pa 1 Akorinto 4:5 Paulo akuti Ambuye adzaunika zobisika mumdima ndi kuonetsa zolinga za mitima, kenaka akumaliza ndi mawu amene alaliki oopseza sakonda kuwafikapo: pamenepo aliyense adzalandira chiyamiko chake kwa Mulungu.

Ndisabise kuti mipingo yathu muno m'tauni siyankhula chimodzimodzi pa zonse. Mnansi wanga amene amapemphera ku St Peter's, tchalitchi cha Akatolika, amandiuza kuti kwawo amaphunzitsa kuti munthu amaweruzidwa payekha atangomwalira, ndipo amene wafa ali pamtendere ndi Mulungu koma asanayere kwenikweni amayeretsedwa ku purigatoriyo asanalowe kumwamba. N'chifukwa chake pa 2 Novembala amapempherera akufa. A Seventh Day nawo amati chiweruzo chofufuza chidayamba kumwamba mu 1844. Ife a CCAP sitiphunzitsa ziwirizi. Takhala tikukangana ndi mnansi wangayo pakhonde zaka zambiri, tiyi n'kuzizira, koma sindidamumvepo akunena kuti tchimo lokhululukidwa lingatumize munthu kumoto wosatha.

Tsopano iwe wa kabaza, dzuka.

Zonse ndanenazi wazimva ukumwetulira, ndikudziwa. Koma mlongo wakoyu akulira chifukwa cha tchimo limene adalisiya, pamene iwe ukufuna chikalata cha tchimo limene ukadali nalo m'thumba. Ndalama ya mnzako uli nayo, ukuyendera njinga imene idakonzedwa ndi thukuta lake, ndiye ukuti udalapa. Udalapa chiyani? Mu Levitiko 6 lamulo lidali lakuti wonyenga mnzake pa katundu abweze zonse, awonjezepo gawo limodzi mwa magawo asanu, ndiyeno abwere ndi nsembe yake. Yesu sadalifewetse lamuloli. Pa Mateyu 5:23-24 akuti ukafika ndi chopereka paguwa n'kukumbukira kuti mbale wako ali nawe chifukwa, siya choperekacho pomwepo, pita kaye ukayanjane naye. Zakeyu, pa Luka 19, adaimirira n'kulonjeza kubweza kanayi kwa aliyense amene adamulanda, ndipo Ambuye adati chipulumutso chafika m'nyumba muno lero. Salimo 37:21 ndiye silizungulira: woipa amakongola koma sabweza. Amalume ako akakulipirira mbuzi pabwalo, si chilolezo chakuti mawa ukatsegulenso khola n'kulozetsa ziweto kumunda womwewo. Paulo adaliona funso lako likubwera patali, pa Aroma 6:1-2: kodi tizichimwabe kuti chisomo chichuluke? Yankho lake ndi lalifupi, akuti ayi ndithu.

Sindikukunyoza, chifukwa njira imeneyi ndidaiyendapo. Nditangofika kumene kuno, Mzuzu asanakhale mzinda (adakhala mzinda mu 1985), mayi wina adandibweretsera nsalu yabwino ya suti ya amuna awo. Idatsala yokwanira thalauzi. Ndidawauza kuti nsalu yatha ndendende, thalauzilo ndidasoka n'kugulitsa. Pokonzekera Mgonero ndidalapa m'pemphero, mtima n'kukhala pansi pang'ono. Patapita zaka, mayi aja adabwera ndi mnzawo kudzasoketsa mayunifomu a ana, n'kunena ine ndikumva kuti awa ndiye atelala okhulupirika m'tauni muno. Singano idandibaya chala tsiku limenelo. Madzulo ake ndidapita kwawo, manyazi ali tho, ndi kuwauza zonse. Iwo adaseka mpaka kugwira nthiti. Adati, "Bambo, nsaluyo ndidaiyeza ndekha ndisanabwere nayo. Ndinkangodikira kuti mudzabwera liti." Ndidasokera ana awo mayunifomu osalipiritsa mpaka adamaliza pulayimale. Mulungu adandikhululukira pa pemphero loyamba lija, sindikayika. Koma zaka zonsezo mayi aja ankandiyang'ana ndikuimba kwaya, akudziwa chimene akudziwa. Mnzako uja nayenso akukuona Lamulungu lililonse ukukweza manja.

Ndipo kukhululukidwa sikufufuta mabala onse a pansi pano. Pa 2 Samueli 12 Natani adauza Davide kuti Mulungu wachotsa tchimo lake, sadzafa, komabe lupanga silidachoke m'nyumba mwake. Za tsiku lomaliza, werenga 1 Akorinto 3:10-15. Paulo akuti maziko ndi amodzi, Yesu Khristu, koma pamwamba pake wina amamanga ndi golide, siliva ndi miyala yamtengo wapatali, wina ndi mitengo, udzu ndi mapesi, ndipo moto udzayesa ntchito ya aliyense. Amene ntchito yake yapsa adzataya zonse. Iye mwini adzapulumuka, koma ngati munthu wodutsa pamoto. Inu ana a m'tauni mwina simudaone nyumba yaudzu ikupsa usiku. Mwini wake amatuluka ndi kabudula yekha, n'kuima panja akunjenjemera, moyo ali nawo, koma mbewu, zofunda ndi zonse adazisonkhanitsa zili phulusa. Ameneyo wapulumuka ndithu. Kodi ndiko kufika kumene ukukufuna pamaso pa amene adakufera?

Pa Mateyu 25 woweruza sakufunsa kuti unkaimba bwanji kapena unkasala masiku angati. Akunena za wanjala, waludzu, mlendo, wamaliseche, wodwala ndi wam'ndende. Ntchito zimenezi si mtengo wogulira kumwamba. Ndi mboni zosonyeza kuti chikhulupiriro chinali chamoyo, ndipo n'chifukwa chake olungama amene ali kudzanja lamanja la woweruzayo akudabwa, poti sankawerengera. Mnzako amene adakubwereka iwe uli pamavuto ali nayo mboni yake. Iwe yako ili kuti?

Mtsikana wanga, ngati chimene udachitacho chidapweteka munthu amene akadali moyo ndipo pali chokonza, upeze mayi mmodzi wa Umanyano, gulu la amayi a mumpingo, wosunga pakamwa, akuthandize kuona njira. Ngati palibe chokonza, usachifukulenso. Upemphere Salimo 32 usiku uno, ufunde bulangete, ugone. Iwe mnyamata, usadikire kuti ndalama zikwane zonse, poti zengerezu adalinda kwawukwawu. Uwerenge zimene ungathe sabata ino, ngakhale zikhale za maulendo a tsiku limodzi, ubwere Loweruka m'mawa nkhungu ikangochoka. Ndidzakuperekeza kwa mnzakoyo ndikakhale mboni, ndipo zotsalazo mukapangane masiku ine ndili pomwepo. Ubwere ndi helemeti yachiwiri, mutu wanga ndi umodzi womwewu.