N'chifukwa chiyani ululu wopunthwa umabwera kawiri?

FUNSO: Ndikapunthwa chala pamwala, phazi limadumpha lokha ndipo ndimamva ngati ndalasidwa. Pakapita kanthawi m'pamene ululu weniweni umayamba, wotentha ngati moto. Kodi mitsempha yanga ili bwino?

YANKHO: Ili bwinobwino, musade nkhawa. Pano sitikunena mitsempha ya magazi ayi, koma yonyamula uthenga.

Likulu la mitsempha imeneyi ndi ubongo pamodzi ndi mtsempha waukulu wodutsa m'kati mwa fupa la msana. Mumsanamo mumatuluka mapeyala 31 a mitsempha, muubongo mapeyala 12. Chala chikagunda mwala, timakomo ta pakhungu la selo ya mtsempha (selo ndi kachigawo kakang'ono kwambiri ka thupi) timatseguka, mchere wa m'thupi wotchedwa sodium umalowa, kenako wina wotchedwa potassium umatuluka, ndipo kusintha kwa mphamvu yamagetsiku kumathamanga mpaka kumapeto kwa seloyo. Pamenepo pali kampata, choncho seloyo imatulutsa timankhwala towolotsa uthenga kupita ku selo ina.

Phazi limadumpha chifukwa msana sudikira ubongo. Uthenga ukangofika, msana umalamula minofu ya mwendo kuti ikoke phazi, kwinaku ukutumiza nkhaniyo kumutu.

Tsono za ululu wobwera kawiriwo. Uthenga wa ululu uli ndi njira ziwiri. Mitsempha ina ndi yokutidwa ndi mafuta otchedwa myelin, ngati waya wokutidwa ndi pulasitiki, ndipo uthenga umathamanga mamita 5 mpaka 30 pa sekondi. Kulasa koyamba kuja n'komweko, kumene kumakuuzani malo enieni avulala. Ina ndi yopyapyala, yopanda myelin, ndipo uthenga umakwawa pafupifupi mita imodzi pa sekondi. Kuchoka kuchala kukafika kumutu kwa munthu wamkulu pali mita ndi theka kapena kupitirirapo, ndiye ululu wotenthawo umachedwa ndi sekondi yathunthu. Mukaluma lilime simuona kusiyanaku chifukwa mtunda ndi waufupi.

Chomwe chimadetsa nkhawa ndi kupunthwa osamva kanthu. Matenda a shuga, khate, kumwa mowa kwambiri kwa zaka zambiri ndi kusowa vitamini B12 zimawononga mitsemphayi. Pa shuga ndi mowa, yaitali kwambiri ndiyo imayamba kuwonongeka, n'chifukwa chake dzanzi limayambira kuzala za kumapazi onse awiri n'kumakwera. Munthu amaponda minga, bala limatukusira, iye osadziwa. Dzanzi lotere likatha masabata, pitani kuchipatala akakuyezeni shuga. Amene muli nawo kale matendawa, muziyang'ana mapazi madzulo aliwonse, kunsi ndi pakati pa zala pomwe, ndipo madzi osamba muziwayesa ndi chigongono musanaviikemo phazi.