Za laputopu ya magemu ija

Achemwali, mwaswera bwanji kumeneko? Pepani ndachedwa, ndangofika kumene kuchokera kuntchito, ndiye ndingolankhula, kulemba kunditalikira. Funso lanu ndalimva, lakuti mphwanga akufuna laputopu ya magemu, ndiye yotchipa ipezeka bwanji, mugule ku Blantyre konko kapena ndikugulireni kuno ku Johannesburg.

Chithunzi chimene watumiza pagulupu chija ndachiona. Imeneyo musagule. Ikuoneka yokongola, makiyi akuwala mitundumitundu, koma ndawerenga zolembazo, ilibe graphics card yakeyake, kachipangizo kamene kamayendetsa zithunzi za magemu. Pa laputopu ya magemu ndalama zambiri zimapita pa kachipangizo kameneko, ndipo kanamatiridwa mkati, simungadzakasinthe. Mukalakwitsa pamenepo, basi mwalakwitsa mpaka mudzagule ina.

Ndiye iwe mphwanga, ndikudziwa ukumvetsera, tchera khutu. Usamayang'ane magetsi a pakiyibodi. Yang'ana pamene palembedwa RTX, ndilo dzina la mtundu wa graphics card umene tikufuna. Yapansi kwambiri imene ndingakuvomereze ndi RTX 3050, koma nayo ili pawiri, ina ya memore ya 4GB ina ya 6GB, ndipo ya 4GB magemu atsopano amaithina. RTX 4050 ili ndi 6GB, RTX 4060 ili ndi 8GB. Ine ndikanakonda 4050, kapena 4060 tikaipeza itatsika. Za RTX 50 zinatuluka mu 2025, ndipo zatsopano zikafika, amasitolo amafuna kuchotsa zakale pamashelufu. Mpata wathu uli pomwepo. Maina oti uzifufuza ndi Lenovo LOQ, HP Victus, Acer Nitro ndi ASUS TUF. Legion ndi ROG zija uzisiye kaye, n'zamakampani omwewo koma za anthu a matumba akuya.

RAM yokha, memore imene laputopu imagwiritsa ntchito poyendetsa mapulogalamu, musadandaule nayo achemwali. Malaputopu ambiri mwa amenewa amatsekulidwa pansi, mumasula timasikuluwu, n'kulowetsa ina. Tikapeza ya 8GB yotsika mtengo titenge, chaka chamawa tidzawonjezera ifike 16GB. Chimodzimodzi SSD, mosungira mafayilo ndi magemu, 512GB ikwanira poyambira. Bola tifunse tisanalipire ngati ili ndi malo owonjezerapo.

Tsopano nthawi yogulira. Ngati mwana angapirire, tidikire kumapeto kwa Novembala, Black Friday. Kuno masitolo a Takealot, Evetech, Wootware ndi Incredible Connection onse amatsitsa. Ine ndiyamba kulemba mitengo panopa m'kabuku, chifukwa kuti udziwe kuti chinthu chatsikadi, uyenera kudziwa kuti mwezi wathawo chinali pa zingati. Chondidetsa nkhawa ndi kwacha yathu. Mukukumbuka Novembala wa 2023, itagwetsedwa ndi 44 peresenti, anthu amene ankasunga pang'onopang'ono kuti agule zinthu zakunja anadzuka ndalama yawo itafupika. Ndiye imene mwasonkhanitsa kale muzitumiza kudzera njira yovomerezeka, ndiziisunga kuno m'marandi.

Koma mtengo wapasitolo si mtengo wonse ayi. Iyenera kuyenda, kudutsa Beitbridge, Nyamapanda, Tete, mpaka pa Mwanza, ndipo pamenepo a MRA angafune msonkho wawo. Mufunse ku ofesi yawo ku Blantyre kuti laputopu imodzi yatsopano imalipira zingati, tiwonkhetse zonse. Mwina mupeza kuti kusiyana ndi yam'tauni n'kochepa, ndiye kuli bwino kugula konko, kwa munthu amene mungamubwerere ikavuta. Walanti ya kuno, laputopu ikafera ku Ndirande, ndiye kuti iyendenso ulendo wonse uja kubwerera.

Chimodzi chingatithandize. Alamu aja mumati abwera mu Disembala? Mlendo wa pasipoti ya Malawi akagula katundu kuno, amatha kuitanitsa VAT, ija ya 15 peresenti, potuluka, akaonetsa katunduyo ndi tax invoice, ngakhale amadulapo pang'ono. Ine sindingatero poti ndimakhala konkuno. Ndiponso aziinyamula pamiyendo m'basi. Pansi pamodzi ndi masutikesi ayi, chonde.

Zogwiritsidwa kale ntchito za pa Facebook zija, zotchipa zilipodi, koma ndili nazo mantha. Mnzanga wina wakuntchito anagula yotero. Poiyesa pamalopo inali bwinobwino. Atafika nayo kunyumba, gemu itangoyenda mphindi khumi, mafani anayamba kulira ngati chigayo, pakiyibodi posagwirika kutentha, kenako thii, yazima. Titaitsekula tinapeza fumbi litaundana ngati thonje. Ndiye ngati mungalowere kumeneko, mwana apite ndi gemu yake, aisewere theka la ola wogulitsa ali pomwepo, aizule pamagetsi aone batire, ndipo lisiti loyamba lioneke, kuopa kugula yakuba. Ndalama isatsogole pa Airtel Money kapena Mpamba chinthu musanachigwire m'manja.

Ndatsala pang'ono kuiwala, musiyeko kandalama ka surge protector, kachipangizo koteteza zinthu magetsi akabwera mwamphamvu. Magetsi athu akabwera atazimazima amatha kuwotcha chaja, ndipo chaja cha laputopu zimenezi n'chachikulu, n'chodula. Pulagi yakuno ndi yamano obulungira, siilowa m'soketi zakwathu, koma chingwe cholowa m'soketi zakwathu ndigula kuno komwe.

Ndiuzeni ndalama imene ilipo panopa, ndi imene mungawonjezere pofika Novembala. Iwe mphwanga unditumizire maina a magemu amene ukufuna kusewera, ndi mapulogalamu akusukulu aja, usiku womwe uno. Moni kwa amayi, muwauze ndiimba Lamlungu tikatuluka kutchalitchi.